ULENDO WA LIWU LAKUTI TRAMPOLINE

Mawu amayenda maulendo ngati anthu. Amachoka kwawo, naoloka mitsinje ndi nyanja, nakakhala pakati pa anthu a chinenero china. Akakhalitsa kumeneko amasintha kamvekedwe, ndipo nthaŵi zina amasintha ndi tanthauzo lomwe, kotero kuti eni ake atakumana nawo sangawazindikire msanga. M'Chicheŵa muli mawu ambiri otere. Liwu lakuti nsapato lidachokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti sapato. Lakuti kalata lidachokera ku carta, ndipo lakuti chipeŵa lidachokera ku chapéu. Masiku ano palibe amene amawayesa alendo mawu ameneŵa, pakuti adasanduka eni mudzi kalekale.

M'Chingerezi muli liwu lina limene ulendo wake ndi wokondweretsa kuulondola. Liwuli ndi trampoline. Ndi dzina la chipangizo chimene ana ndi akulu omwe amadumphapo poseŵera. Lisanafike pamene lili lero, liwuli lidadutsa m'zinenero zinayi, ndipo lidasintha tanthauzo katatu.

Maonekedwe a trampoline

Trampoline imaoneka ngati bedi lalikulu lachitsulo lopanda matiresi. M'mbali mwake muli zitsulo zolimba zoima pa miyendo. Pakati pake pali chinsalu cholimba kwambiri, chimene masipuling'i amachikoka mbali zonse mpaka kukungika ngati chikopa cha ng'oma. Zoseŵerera ana pakhomo kaŵirikaŵiri zimakhala zozungulira ngati lichero. Za mpikisano zimakhala za ngodya zinayi. Chinsalu chake chimapitirira pang'ono mamita 4 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, ndipo masipuling'i ake amaposa 100.

Anthu ambiri amaganiza kuti chinsalucho ndicho chimatanuka, koma si choncho ayi. Amene amatanuka ndi masipuling'i. Mnyamata akakoka mphira ya legeni, mphamvu ya mkono wake imasungika m'mphiramo. Akaitaya, mphamvu ija imabwerera nthaŵi imodzi n'kuponya mwala kutali. Masipuling'i nawonso amatero. Munthu akatera pa chinsalu, kulemera kwake kumakoka masipuling'i onse. Pobwerera m'malo mwake, masipuling'iwo amamuponya m'mwamba. Akateranso amanjanja kuposa poyamba. Katswiri amatha kufika mamita 8 kuchokera pansi, ndiko kunena kuti amuna anayi ataimirira wina pamutu pa mnzake sangamufike.

Kuponyedwa m'mwamba poseŵera sikudayambe ndi chipangizo chimenechi. Kumpoto kwa Alaska, dziko lozizira kwambiri, kuli anthu otchedwa Iñupiat. Iwo akapha namgumi amachita chikondwerero chotchedwa nalukataq. Amasoka pamodzi zikopa za nyama za m'nyanja, ndipo anthu ambiri amagwira m'mbali mozungulira. Munthu mmodzi amaima pakati. Onse akakoka chikopacho nthaŵi imodzi, munthu uja amauluka m'mwamba. Mwambo umenewu ndi wakalekale. Koma trampoline ya zitsulo ndi masipuling'i, imene munthu amadumphapo popanda womuponya, idapangidwa ndi mnyamata wina wa ku America.

Mnyamata wa ku Iowa

George Nissen adabadwa m'chaka cha 1914 m'dera la Iowa, m'dziko la United States of America, ndipo adakulira mumzinda wa Cedar Rapids. Kuyambira ali wamng'ono ankakonda maseŵera olimbitsa thupi. Ankadziŵa kuyenda ndi manja, kupidiguka, ndiponso kudumphira m'madzi kuchokera pamwamba.

M'chaka cha 1930, ali ndi zaka 16, Nissen adapita kukaonerera chionetsero chotchedwa circus. Circus ndi gulu la akatswiri a maseŵera odabwitsa amene amayendayenda m'mizinda. Akafika pamalo amakhoma tenti yaikulu, ndipo anthu amalipira kuti aloŵe. Ena mwa akatswiriwo amaseŵera pa akatungwe omangidwa pamwamba penipeni pa tenti. Amalendeŵera ndi manja, kenaka n'kutaya katungwe mmodzi kukagwira wina ali m'malere. Pansi pawo pamakhala ukonde waukulu woti uwaŵakhe ngati aphonya.

Anthu onse ankayang'ana kumwamba kwa akatungwe, koma chimene chidakopa Nissen chidali ukonde uja. Iye adaona kuti akatswiriwo akamaliza maseŵera awo ankadziponya dala mu ukondemo. Ukonde unkawabweza m'mwamba pang'ono, ndipo ankapidiguka kamodzi asanatsike. Nissen adayamba kuganiza kuti patakhala chinthu chobweza munthu m'mwamba kaŵirikaŵiri, woseŵera akhoza kupidiguka nthaŵi zambiri osalekeza.

Atabwerera kunyumba adatola zitsulo zotayidwa, nazilumikiza m'galaja ya makolo ake, nakungapo chinsalu cholimba chonga cha tenti. Chipangizo choyambacho sichidanjanje bwino, koma iye sadataye mtima. Ataloŵa sukulu yaukachenjede ya University of Iowa adakumana ndi Larry Griswold, amene ankaphunzitsa maseŵera olimbitsa thupi. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Chapakati pa zaka za m'ma 1930, aŵiriŵa adapanga chipangizo chabwinopo. Adalenga mphira kuchokera ku machubu akale a matayala a galimoto, namangira chinsalu ku zitsulo ndi mphirazo. Pambuyo pake adaikapo masipuling'i m'malo mwa mphira. Tsopano chipangizo chija chidayamba kuponya munthu m'mwamba monga momwe Nissen ankafunira. Chidangotsala chinthu chimodzi: chidalibe dzina lenileni.

Dzina lipezeka ku Mexico

Nissen adatsiriza maphunziro ake m'chaka cha 1937. Pamodzi ndi anzake aŵiri adapanga kagulu kotchedwa Three Leonardos, ndipo ankayenda m'malo osiyanasiyana kuonetsa maseŵera awo. Ulendo wawo udawafikitsa ku Mexico, dziko limene lili kumwera kwa United States. Anthu a kumeneko amalankhula Chisipanishi.

Pa maiŵe osambiramo pamakhala thabwa lalitali lomangidwa mbali imodzi, pamene mbali inayo imalendeŵera pamwamba pa madzi. Wosambira akaponda kunsonga kwake, thabwalo limapindika, kenaka limamuponya m'mwamba asanagwere m'madzi. Nissen ankalidziŵa bwino thabwa lotere. Ali ku Mexico adamva anthu akulitchula kuti trampolín. Liwulo lidamukomera m'khutu. Adaonanso kuti ntchito ya thabwalo ndi yofanana ndi ya chipangizo chake, pakuti zonse ziŵiri zimaponya munthu m'mwamba. Tsono adatenga liwulo, naonjezera lemba e kumapeto kwake, nalembetsa dzina lakuti Trampoline ku boma kuti likhale dzina la malonda ake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, Nissen ndi Griswold adatsegula kampani yopanga zipangizozi ku Cedar Rapids. M'chaka cha 1945 boma la America lidapatsa Nissen chikalata chotsimikiza kuti luso la kapangidwe kake ndi lake.

Kulondola liwu mpaka ku gwero

Munthu wofuna kudziŵa kumene mtsinje udachokera amayenda chokwera, kutsata madzi mpaka atafika pa kasupe. Akatswiri a zinenero amachita chimodzimodzi ndi mawu. Nissen adalipeza liwuli ku Mexico, koma kwawo kwa liwuli si kumeneko.

Anthu a ku Spain adalamulira Mexico zaka 300, kuyambira 1521 mpaka 1821, ndipo adasiyako chinenero chawo. Choncho liwu lakuti trampolín ndi la Chisipanishi. Komabe anthu a ku Spain nawonso adachita kubwereka. Adalitenga ku liwu la Chitaliyana lakuti trampolino, limene linkatanthauza thabwa lopondapo pofuna kudumpha. Akatswiri a maseŵera odabwitsa ankathamanga, n'kuponda pa thabwalo mwamphamvu, ndipo linkawathandiza kulumpha pamwamba pa akavalo kapena pa anzawo. Liwu la Chifalansa lakuti tremplin ndi la Chipwitikizi lakuti trampolim ndi abale ake a liwu lomweli.

Nanga trampolino lidachokera kuti? M'Chitaliyana muli liwu lakuti trampoli. Amene adaonapo Makanja akuvina pabwalo amadziŵa mmene miyendo yake imatalikira. Ku Italy ndi ku maiko ena a ku Europe kudali anthu osangalatsa anzawo m'misika amene ankadzitalikitsa chomwecho. Ankamangirira mitengo iŵiri yaitali ku miyendo yawo, n'kumayenda mitu yawo ili pamwamba pa khamu lonse. Mitengo yoyendera imeneyi ndiyo trampoli. Mbali yotsiriza ya liwu lakuti trampolino, ndiye kuti -ino, kaŵirikaŵiri imachepetsa chinthu m'Chitaliyana, monga momwe ka- amachitira m'Chicheŵa. Mphaka amamutcha gatto, ndipo kamphaka amakatcha gattino. Ubale wa mitengo yoyendera ndi thabwa lodumphira ndi wosavuta kuuona. Zonse ziŵiri ndi zamtengo, munthu amazipondapo, ndipo zimamukweza kuchoka pansi.

Ulendo sudathere ku Italy. Liwu lakuti trampoli lidachokera kumpoto, ku zinenero za mtundu wa Chijeremani. M'Chijeremani muli liwu lakuti trampeln, limene limatanthauza kuponda pansi mwamphamvu kaŵirikaŵiri, monga amachitira anthu poponda dothi loumbira njerwa. Chingerezi ndi chinenero cha mtundu womwewo, ndipo chili ndi mawu akuti tramp ndi trample, amene amanenanso za kuyenda mwamgugu ndi kupondereza. Apa ndiye pa kasupe. Poyamba liwuli linkanena za kuponda. Ku Italy lidatchula mitengo yoyendera, kenaka thabwa lodumphira. Ku America lidatchula chipangizo cha Nissen. Tanthauzo lidasintha katatu, koma phazi loponda lidakhalamo ulendo wonse.

Pali chinanso chodabwitsa. Mabuku otanthauzira mawu amasonyeza kuti liwuli lidalembedwapo kale m'Chingerezi m'chaka cha 1798, zaka zoposa 100 Nissen asanabadwe. Anthu a circus ankaligwiritsa ntchito ponena za zipangizo zawo zodumphira, ngakhale kuti anthu wamba ambiri sankalidziŵa. Motero liwuli lidaloŵa m'Chingerezi kaŵiri. Poyamba lidaloŵa mwakachetechete kudzera m'matenti a circus. Kachiŵiri lidaloŵa ndi Nissen, ndipo pamenepo lidamveka ponseponse.

Nthano yokoma koma yopanda umboni

Pakati pa anthu a circus pamamveka nthano ina. Amati kalekale kudali katswiri wina dzina lake Du Trampolin. Munthuyu, akutero, ndiye adayamba kudumpha pa ukonde wa akatungwe, ndipo chipangizochi chidatenga dzina lake. Nthanoyi ndi yokoma kuimva, ndipo yalembedwa m'malo ambiri.

Anthu amaikhulupirira msanga chifukwa zilipodi zinthu zina zimene zidatenga maina a anthu. Mwachitsanzo, mafuta a dizilo amatchedwa choncho chifukwa cha Rudolf Diesel wa ku Germany, amene adapanga injini yoyendera mafutawo. Koma za Diesel pali umboni wochuluka. Chaka chimene adabadwa chimadziŵika, makalata ake alipo, ndipo injini zake zidasungidwa. Za Du Trampolin palibe chikalata chakale ngakhale chimodzi chimene chidapezeka chosonyeza kuti munthu wotere adakhalako. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Akatswiri a zinenero sakhutira ndi nkhani chifukwa chakuti ikukoma. Amafufuza m'mabuku akale, m'manyuzipepala ndi m'zikalata kuti aone chaka chimene liwu lidayamba kulembedwa ndi chimene linkatanthauza pa nthaŵiyo. Amaliyerekezanso ndi mawu ofanana nalo a m'zinenero zina. Ntchitoyi imafuna kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Atachita zimenezi adapeza kuti mapazi a liwuli akuloza ku Spain, ku Italy ndi ku zinenero za Chijeremani, osati kwa munthu mmodzi ayi.

Mlandu wa dzina

Chipangizo cha Nissen chidayamba kutchuka pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, imene idachitika kuyambira 1939 mpaka 1945. Asilikali a ku America ankachigwiritsa ntchito pophunzitsa oyendetsa ndege. Ndege ikatembenuka m'mlengalenga, woyendetsa amatha kusokonezeka osadziŵa kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba. Kupidiguka pa trampoline kunkawazoloŵeza kuzindikira mmene thupi lawo lakhalira. Pambuyo pake anthu opita kuthambo m'zombo za m'mlengalenga, a ku America ndi a ku Soviet Union omwe, adaphunzirirapo pa chifukwa chomwecho.

Nissen adayenda m'maiko ambiri kuonetsa chipangizo chake. M'chaka cha 1960 adajambulitsa chithunzi mumzinda wa New York akudumpha pa trampoline pamodzi ndi kangaroo, nyama ya ku Australia imene imayenda modumphadumpha. Chithunzicho chidasindikizidwa m'manyuzipepala a m'maiko ambiri.

Koma kutchukako kudadza ndi vuto lake. Makampani ena adayamba kupanga zipangizo zofanana, ndipo nawonso ankazitcha trampoline. Nissen ankafuna kuti dzinali likhale la zipangizo za kampani yake yokha, ndipo zinazo zizitchedwa ndi dzina lina. Anthu sadalabadire zimenezo. Chilichonse chodumphapo ankangochitcha trampoline. Zoterezi zimachitikanso ku Malaŵi. Mwana akatumidwa ku golosale kukagula Colgate kapena Surf, kaŵirikaŵiri womutumayo amangotanthauza mankhwala otsukira mano kapena sopo waufa wa mtundu uliwonse. Dzina la malonda a kampani imodzi limasanduka dzina la zinthu zonse za mtunduwo.

Kampani ya Nissen idasumira kampani ina kubwalo la milandu chifukwa cha dzinali. M'chaka cha 1961 bwalo la milandu la ku Iowa lidapereka chigamulo chake. Lidanena kuti trampoline ndi liwu la anthu onse, lotchula chipangizo chilichonse cha mtundu umenewu, ndipo kampani imodzi singaletse ena kuligwiritsa ntchito. Nissen adaluza mlanduwo. Liwu limene iye adabwereka kwa anthu a ku Mexico lidabwerera m'manja mwa anthu onse.

Chosangalatsa n'chakuti anthu ambiri olankhula Chisipanishi, amene adabwereketsa liwuli, amatchula chipangizo cha Nissen ndi dzina lina. Popeza kwa iwo trampolín lidali kale thabwa la pa dziŵe losambiramo, ambiri amachitcha cama elástica, kutanthauza bedi lotanuka.

Maseŵera ndi ngozi zake

Kudumpha pa trampoline kudasanduka maseŵera a mpikisano. Mpikisano woyamba wa dziko lonse udachitika mumzinda wa London m'chaka cha 1964. Wopikisana amadumpha kakhumi motsatizana, ndipo pa kudumpha kulikonse amapidiguka kapena kuzungulira mwa njira yosiyana ndi inzake. Oŵeruza amayang'ana kuvuta kwa zimene wachita, kuongoka kwa thupi lake, ndiponso nthaŵi imene wakhala m'malere.

Nissen ankalakalaka kuti maseŵera ameneŵa adzaloŵe mu mpikisano waukulu wa Olympics. Adadikira zaka zambiri. Zimenezi zidatheka m'chaka cha 2000 mumzinda wa Sydney ku Australia. Irina Karavaeva ndi Alexander Moskalenko, onse a ku Russia, ndiwo adalandira mendulo zoyamba za golide. Nissen, nkhalamba ya zaka 86, adali pomwepo kuonerera. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiŵa. Iye adamwalira m'chaka cha 2010 ali ndi zaka 96.

Ngakhale trampoline ndi yosangalatsa, ili ndi ngozi zake. Cha m'ma 1960 ku America kudatsegulidwa malo ambiri kumene anthu ankalipira kuti adumphe popanda wowaphunzitsa. Ambiri adavulala, ndipo posakhalitsa malo ochuluka adatsekedwa. M'chaka cha 1977 bungwe la madokotala a ana la m'dzikomo lidachenjeza za kuopsa kwa chipangizochi. Ngozi zambiri zimachitika pamene ana aŵiri kapena oposerapo akudumpha nthaŵi imodzi. Amagundana mitu, kapena wamkulu akatera, chinsalu chimaponya wamng'ono mosayembekezera. Amene amavulala kaŵirikaŵiri ndi wamng'onoyo. Choopsa koposa ndi kuyesa kupidiguka popanda mphunzitsi, pakuti munthu akatera ndi mutu akhoza kuthyoka khosi n'kufa ziŵalo moyo wake wonse. Chifukwa cha ichi, mwana wanzeru amadumpha yekha, amakhala pakati pa chinsalu, ndipo amaonetsetsa kuti munthu wamkulu ali pafupi.

Mwana amene akunjanja pa trampoline lero sadziŵa kuti dzina la choseŵeretsa chakecho ndi lakale kuposa agogo a agogo ake. Lidayamba ndi anthu oponda pansi mwamphamvu kumpoto kwa Europe. Lidakwera pa mitengo yoyendera ku Italy, lidaima pa thabwa ku Spain ndi ku Mexico, ndipo mnyamata wa ku Iowa adalinyamula kupita nalo kwawo. Mawu ambiri amene anthu amalankhula tsiku ndi tsiku ali ndi mbiri yotere. Wofuna kuidziŵa ayenera kufunsa, kuŵerenga ndi kufunafuna umboni. Paja safunsa adadya phula.

Mawu ofunika kuwadziŵa

gwero: pamene chinthu chidayambira
kukunga: kukoka chikopa, chingwe kapena nsalu mpaka kulimba
kutanuka: kutalika pokokedwa ndi kubwerera m'malo posiyidwa
kunjanja: kubwerera m'mwamba pambuyo pogunda pansi, monga umachitira mpira
kupidiguka: kutembenuka thupi lonse, miyendo kudzera kumutu
katswiri: munthu wodziŵa kwambiri ntchito kapena maseŵera ena ake
umboni: chinthu chotsimikiza kuti nkhani ndi yoona
chigamulo: mawu otsiriza a woŵeruza pa mlandu

Mafunso

1. Tchulani mawu atatu a Chicheŵa amene adachokera ku Chipwitikizi.
2. Kodi n'chiyani chimaponya munthu m'mwamba pa trampoline? Fotokozani poyerekeza ndi legeni.
3. Kodi anthu a Iñupiat amaponyana bwanji m'mwamba pa chikondwerero chawo?
4. Kodi George Nissen adaona chiyani ku circus chimene chidamupatsa nzeru?
5. Kodi Nissen ndi Griswold adagwiritsa ntchito chiyani asanaike masipuling'i?
6. Kodi liwu lakuti trampolín limatanthauza chiyani m'Chisipanishi?
7. Tchulani zinenero zinayi zimene liwuli lidadutsamo, kuyambira ku gwero lake.
8. Chifukwa chiyani akatswiri a zinenero sakhulupirira nthano ya Du Trampolin?
9. Kodi bwalo la milandu lidagamula zotani m'chaka cha 1961? Kodi inu mukuganiza kuti chigamulocho chidali cholungama? Perekani zifukwa.
10. Tchulani njira zitatu zopeŵera ngozi pa trampoline.

Ntchito

A. Chepetsani maina aŵa pogwiritsa ntchito ka-. Chitsanzo: mphaka, kamphaka.
1. thabwa
2. mtengo
3. nsalu
4. mtsinje
5. bedi

B. Malizani miyambi iyi, ndipo mufotokoze tanthauzo la mwambi uliwonse.
1. Mutu umodzi ...
2. Chikomekome cha nkuyu ...
3. Kuona maso a nkhono ...
4. Kanthu n'khama ...
5. Safunsa ...

C. Lembani ziganizo zanuzanu pogwiritsa ntchito mawu aŵa: gwero, kukunga, kunjanja, umboni, chigamulo.

D. Mawu aŵa adabwerekedwa ku zinenero zina: sukulu, buku, mbatata, supuni, tebulo. Funsani aphunzitsi kapena akuluakulu kwanu kuti akuuzeni kumene liwu lililonse lidachokera. Pezaninso mawu ena asanu obwereka, ndipo muwalembe m'makope mwanu.

E. Pa mapu a dziko lonse pezani maiko aŵa: Germany, Italy, Spain, Mexico ndi United States of America. Lozani ndi chala njira imene liwu lakuti trampoline lidayenda.

F. Chimangirizo: Funsani agogo kapena mfumu ya kwanu za chiyambi cha dzina la mudzi wanu, la phiri kapena la mtsinje wapafupi. Lembani ndime ziŵiri zofotokoza zimene mwamva. Ngati anthu aŵiri akuuzani zosiyana, lembani zonse ziŵiri, ndipo munene imene ili ndi umboni wokwanira.